Theka la Kapu

Dzina loti Ndikonza sanapatsidwe ndi makolo. Anamupatsa ndi anzake a kuntchito, kumene ankakonza makina osindikiza mapepala, chifukwa mawu amenewo ndi amene ankatuluka pakamwa pake pa chilichonse. Makina akameza pepala, ndikonza. Mpopi ukamadontha kunyumba, ndikonza. Ngakhale tsiku limene adokotala anatchula matenda a amayi ake, achemwali ake atatembenuka kumuyang'ana, iye anati ndikonza, ngati kuti amayi anali makina oti n'kuwatsegula kumbuyo.

Sanakonze. Amayi anagona m'chipatala miyezi isanu, pansanjika yachitatu, ndipo m'miyezi yonseyo iye sanakwereko ngakhale kamodzi. Kunyamuka ankanyamuka ndithu. Ankafika pageti, n'kuima pafupi ndi mayi wogulitsa zipatso, n'kuyang'ana chinyumbacho, n'kubwerera. Tisamukongoletsere chifukwa: ankaopa. Ankaopa kukaona amayi ake atatha thupi. Amene anadwazika anali achemwali ake, okhaokha, mpaka tsiku lomaliza. Chichitikireni maliro panali patapita chaka, ndipo awiriwo ankangopatsana moni ngati anthu okumana pokwerera basi.

Tsopano achemwaliwo anali atapeza ntchito yosoka kutali, ndipo ankanyamuka Lamulungu madzulo. Ndikonza anali ndi mawu oti awauze asanapite. Anawayeseza pagalasi, anawalemba pafoni n'kufufuta, kulembanso n'kufufutanso. Pakamwa panakana. Ndiye anaganiza zowanenera m'chinthu chokhacho chimene ankachidalira kuposa lilime lake, chomwe ndi gemu ya pakompyuta.

Kawiri pachaka, anthu okonda kupanga magemu ankasonkhana m'chipinda cha pamwamba pa sitolo yogulitsa matailosi. Panalibe amene ankadyera ntchito imeneyi. Anali aphunzitsi, anamwino, madalaivala, anthu oti Lolemba amadzuka kukagwira zina. Aliyense ankabwera ndi laputopu yake, ina yomangidwa ndi tepi pakona, n'kukhala atatuatatu pamatebulo apulasitiki. Mutu unkaperekedwa Loweruka m'mawa, ndipo pofika 3 koloko Lamulungu gulu lililonse linkayenera kukhala ndi gemu yoti munthu n'kusewera. Zogonera pomwepo kunalibe, chifukwa mlonda wa pamalopo ankatseka 5 koloko ndipo sankamva za abale. Woyendetsa zonse anali mayi wina wamfupi woyenda ndi belu m'manja, moti dzina lake lenileni linaiwalika kalekale.

Patebulo la Ndikonza panali anzake awiri a nthawi zonse. Choko anali mphunzitsi wa ana aang'ono, wojambula bwino, wolankhula mosapsatira. Lezala anali wometa, ndipo ntchito yake pagululo inali ya phokoso: ankayenda ndi foni akujambula kulira kwa zitseko, masupuni ndi nsapato, mpaka makasitomala ake ankaopa kuyetsemula ali pampando.

Mayi wa belu atalemba mutu pabolodi, m'chipindamo munamveka kung'ung'udza. Mutuwo unali liwu limodzi: OSATAYA.

"Ndaipeza kale," anatero Lezala. "Munthu wanyamula mazira panjinga, msewu wamaenje, agalu akumuthamangitsa. Phokoso la dzira likuphwanyika ndili nalo kale."

"Mazira anu aja a chaka chatha?" anafunsa Choko. "Bambo inu, mutu uliwonse kwa inu umathera pa mazira."

"Madamu, chinthu chikakhala chabwino sichikalamba."

Ndikonza sanaseke. Anakumbukira zimene anamva pamaliro, achemwali ake akufotokozera azakhali kuseri kwa nyumba, iye atabisala ngati wakuba. Amayi sankafuna tiyi wa m'kapu ina koma yawo ya kunyumba, yachitsulo, yabuluu, yobenthuka pamlomo. Madzi otentha ankapezeka pansi penipeni, chikepe chinali chakufa, ndiye m'mawa uliwonse achemwali ankakwera masitepe a nsanjika zitatu atanyamula kapu yodzaza.

"Munthu wanyamula kapu ya tiyi," anatero, mawu ali pansi. "Akukwera masitepe a m'chipatala. Pamwamba pali wodwala. Asataye."

Anzakewo anayang'anana. Za maliro ankazidziwa, anapitako. Lezala anakanda kumutu n'kunena kuti mazira angadikire chaka chamawa.

Ntchito inayamba. Ndikonza analemba malamulo a gemuyo: batani limodzi lopondera sitepe, lina lokhazikitsira dzanja kuti kapu isapendeke. Pofika masana panali kale kabokosi koyera kakukwera mizere yakuda, katanyamula kabokosi kena kakang'ono. Lezala anasowa kwa ola lathunthu, n'kubwera ndi phokoso la patapata pa simenti, la supuni ikugunda m'kapu, ndi la dontho likugwa, limene analijambula kuchimbudzi mlonda akumuyang'ana ngati wamisala. Choko anajambula kapu ija monga momwe Ndikonza anaifotokozera, mpaka pobenthuka pake. Kenako anafika pa makoma.

"Achimwene, makoma a masitepewo anali amtundu wanji?"

Ndikonza anayang'anabe pa laputopu yake. "Uliwonse, madamu."

"Uliwonse ndi mtundu wanji? Obiriwira? Oyera? Panali chogwirira?"

"Sindikudziwa."

Choko anaika cholembera pansi n'kumuyang'ana. Sanafunsenso. Iye anadwazikapo bambo ake m'chipatala chomwecho, choncho anajambula za m'mutu mwake: kumunsi kobiriwira, kumtunda koyera, chogwirira chachitsulo chosupuka penti, ndi kazenera kakang'ono pokhotera paliponse. Ndikonza ataziona anamva manyazi. Kanali koyamba kuona mkati mwa masitepe amene amayi ake anakwezedwapo.

Chipinda cha wodwala, cha pamwamba pa masitepewo, Ndikonza anachipempha mochita kunong'ona. Choko anachijambula osafunsa kanthu: bedi, munthu wogona wosaoneka nkhope, ndi mayi atakhala pambali pake, atafunda nsalu m'mapewa. Mawu ake Ndikonza anawalemba yekha, laputopu ataitembenuzira kukhoma. Munthu akafika pamwamba, chitseko chinkatseguka, ndipo pansi pa chithunzicho pankatuluka mizere itatu: Achemwali, ndinkafika pageti tsiku lililonse. Ndinkaopa kukwera. Pepani kuti munanyamula nokha. Atamaliza anatumizira achemwali ake uthenga pafoni, woti ngati angathe adutse Lamulungu popita kokwerera basi, ali ndi kanthu koti awaonetse. Yankho linabwera mlonda akugwedeza kale makiyi. Linali lalifupi ngati mwini wake akakwiya: Ndiona.

Apa ndi pamene panalowa matenda a anthu opanga magemu, ndipo amene sanapangepo sangawadziwe. Wopanga amasewera gemu yake kambirimbiri poyesa ngati ikuyenda, mpaka zala zimailoweza pamtima. Ikatero imayamba kumuonekera yophweka, yachibwana, ndiye amaiumitsa. Mawa lake yaphwekanso, aiumitsanso. Amaiwala kuti munthu wobwera kumene alibe zala zimenezo. M'malamulo a gemu ya Ndikonza munali nambala imodzi youza kapu kuti izigwedezeka bwanji. Loweruka masana inali pa 3. Pofika madzulo inali pa 5. Lamulungu m'mawa, atakwera mpaka pamwamba katatu kotsatizana akucheza ndi Lezala, anaikweza kufika pa 8. Anawonjezanso lamulo loti dontho limodzi lokha likagwa, pazituluka mawu oti YAMBIRANINSO, munthu n'kubwerera pansi penipeni.

Kwa iye sizinali za zala zokha ayi. Akafika pamwamba mosavuta ankamva ngati akunama, ngati akunena kuti zimene achemwali ake anachita miyezi isanu zinali zoti munthu n'kuchita akuseka. Ankafuna kuti aone kuti iye akudziwa kulemera kwake. Maganizo ake anali abwino ndithu, kungoti maganizo abwino nawonso amatha kugwetsera munthu m'dzenje.

Mankhwala a matendawa analipo, ndipo ndi chifukwa chake pamsonkhanopo panali mwambo wosinthana mipando. Lamulungu 10 koloko belu linkalira, gulu lililonse n'kusiya tebulo lake kukasewera gemu ya oyandikana nawo, kenako n'kuuzana zoona, zowawa ndi zokoma zomwe. Belu litalira, mkulu wina wa patebulo loyandikana, dalaivala wa ndevu zambiri amene onse ankangomutcha Ndevu, anaimirira akutikita manja. Gulu lake linkapanga gemu ya mlimi wothirira dimba ndi chidebe chobooka, ndipo iye anali atamva kale phokoso la dontho kuchokera kwa Lezala.

Ndikonza anatseka laputopu msangamsanga. Anaganiza za Ndevu akufika pamwamba, akuwerenga mizere itatu ija mokweza monga amawerengera chilichonse, chipinda chonse chikumva.

"Yathu yafa, akulu," anatero. "Ikungozima. Ndikonza."

"Aise, yafa liti?" anadabwa Lezala. "Si pompano umasewera?"

"Yafa pompano."

Ndevu anaseka n'kukoka mpando. "Palibe kanthu, ndaionera kale patali. Koma ndikuuzeni chimodzi, achimwene. Ikanipo popumira. Munthu akafika nsanjika yoyamba, akalakwitsa aziyambira pomwepo. Ndiponso musamulange chifukwa cha dontho. Ife chidebe chathu chimadontha njira yonse, koma amafika ndi otsalawo, ndipo anthu akuikonda."

"Amene ankanyamula kapuyi analibe popumira," anayankha Ndikonza.

"Chabwino, mwini gemu ndinu." Ndevu anaimirira, osakwiya. "Koma safunsa anadya phula."

Atachoka, Choko anakokera laputopu ija kwa iye, n'kuitsegula. Anayesa kasanu. Ulendo wabwino kwambiri anafika pa sitepe yachinayi.

"Ine amene ndinajambula masitepewa sindikutha kuwakwera," anatero.

"Inu simusewera magemu kawirikawiri, madamu. Zala zanu n'za choko."

"Nanga achemwali anu zala zawo n'za chiyani? Anagwirapo gemu chibadwire?" Choko anatsitsa mawu kuti oyandikana asamve. "Gemuyi si yanu nokha, ifenso taikamo thukuta, koma zimenezo zisiyeni. Ndikufunseni chimodzi. Mukufuna afike pamwamba, kapena mukufuna aone kuti inu mwavutika?"

Funsolo linamulasa, ndipo chifukwa linamulasa anakwiya. Ananena kuti si yovuta, n'kukwera pamaso pawo mpaka nsanjika yachiwiri osataya ngakhale dontho. Lezala anati zimenezo zili ngati wometa kudzitama kuti sanadzichekepo. Pomaliza Ndikonza anavomera ndi pakamwa. Anati nambalayo aitsitsa, ndi ntchito ya mphindi ziwiri, aichita kumapeto.

Kumapetoko kunadza zina. Anaona kuti nthunzi ya pakapu sikuoneka bwino, ndipo anathera ola lathunthu akuikonza kuti izikwera mopindika ngati yeniyeni. Kenako phokoso la patapata linkachedwa pang'ono poyerekeza ndi phazi. Kenako chitseko cha pamwamba chinkatseguka mwachangu kwambiri, iye ankafuna chizitseguka pang'onopang'ono. Nthawi yonseyi ankakwera ndi kutsika masitepe aja mosavuta, ndipo mumtima ankati Choko akukokomeza. Belu la 3 koloko linalira dzanja lake lili pa chitseko chomwecho.

"Manja m'mwamba nonse!" anakuwa mayi wa belu. "Chimene chilipo ndi chomwecho!"

"Mwatsitsa?" anafunsa Choko.

Nambala ija inali ikadali pa 8, ndipo Choko anangopukusa mutu n'kuyamba kulongedza zolembera zake.

Mwambo wachiwiri unali wa chionetsero. Alendo ankalowa, abale, anzawo, ndi ena ongodutsa. Kumbuyo kwa tebulo lililonse kunkamatidwa tepi pansi, ndipo opanga ankaima kuseri kwa tepiyo, manja kumbuyo, pakamwa potseka. Mlendo ankapatsidwa mphindi zisanu ndi kapepala kofotokoza mabatani, basi. Mayi wa belu ankati gemu ikapita kwa anthu mwini wake sapita nayo, ndiye izidzilankhulira yokha. Woyamba kukhala pa gemu yawo anali namwino wa gulu lina, amene anafika pa sitepe yachisanu n'kuimirira akuseka kuti iyi ndi ya anthu olimba mtima. Wachiwiri sanathe n'komwe mphindi zake. Wachitatu anafunsa ngati pamwambapo palidi kanthu. Ndikonza anayang'ana laputopu ili apo, mikono iwiri yokha kuchokera pamene anaima, nambala ija ili mkatimo, koma lamulo linali loti belu likalira palibe kukhudzanso. Anayamba kupemphera kuti achemwali ake asabwere.

Anabwera. Itangokwana 4 koloko anaonekera pakhomo, akupuma mwamphamvu, dzanja lina chikwama chachikulu, lina mutu wa makina osokera wokulungidwa m'nsalu. Anali atakwera nazo okha masitepe a sitoloyo. Anayang'ana chipinda chonse, mawaya ali pansi ngati zingwe za mbatata, anthu akuluakulu akukuwira timabokosi todumpha, ndipo nkhope yawo inaonetsa kuti akudabwa kuti kodi zimenezi ndi zimene zimadya Loweruka la mlongo wawo. Lezala anathamanga kukawalandira katundu.

"Ndili ndi mphindi zochepa," anatero kwa Ndikonza. "Basi ndi ya 5 koloko. N'chiyani?"

Iye analoza mpando. Mayi wa belu anali pafupi, ndipo anafotokoza lamulo mwaulemu. Achemwali anakhala, n'kuwerenga kapepala kaja kawiri, milomo ikuyenda. Anaika zala pamabatani, zala zolimba, zodzaza timabala ta singano. Lezala anawaveka mahedifoni.

Anaponda sitepe yoyamba. Yachiwiri. Kapu inapendeka, dontho linagwa. YAMBIRANINSO.

Anayambiranso. Yoyamba, yachiwiri, dontho. Ulendo wachitatu anafika pa yachitatu. Kenako anasiya mabatani n'kuyandikitsa nkhope. Anayang'ana kapu yabuluu ija, pobenthuka pake, nthunzi ikukwera mopindika. Anayang'ana makoma obiriwira kumunsi.

"Kapu ya amayi iyi," anatero, osatembenuka. Mahedifoni anawachititsa kulankhula mokweza, moti a matebulo oyandikana anacheuka. "Ndi makoma ake omwe. Unawaona liti iwe makoma amenewa?"

Ndikonza anali kuseri kwa tepi, manja kumbuyo. Choko anayang'ana pansi. Kunena zoona, palibe amene akanamumanga akanalankhula. Mayi wa belu sanali wapolisi, ndipo tepi ndi tepi basi. Koma munthu amene wakhala chaka chathunthu akusowa pobisala, ukamupatsa lamulo loti akhale chete amaligwira ndi manja awiri.

Achemwali anabwerera pa mabatani. Tsopano ankasewera mwa mtundu wina, msana utawongoka, milomo italumana, mmene ankachitira akamalowetsa ulusi pa singano kukuda. Sanaseke ngati namwino uja, sanadandaule. Yachinayi. Dontho. Yachisanu. Dontho. Kamodzi anafika pa yachisanu ndi chiwiri, Lezala mpaka anaimirira ndi zala za kumapazi, koma kapu inapendeka ndipo mawu aja anatulukanso. Masitepe onse analipo makumi atatu ndi asanu ndi limodzi. Ndikonza ankawerenga madontho aja limodzilimodzi, ndipo lililonse linkamupweteka, chifukwa ankaona bwinobwino chimene anachita. Anatenga munthu amene anakwera masitepe amenewa miyezi isanu, n'kumukhazika pampando kuti makina azimuuza kuti sakutha.

Belu linalira. Achemwali anavula mahedifoni n'kuwaika patebulo mosamala. Tsopano lamulo linali litatha, aliyense anali womasuka kulankhula.

"Pamwambapo pali chiyani?" anafunsa.

Mizere itatu ija inali pakamwa pake. Ankaidziwa pamtima. Koma panali Ndevu, panali namwino, panali anthu akudikira mpando.

"Chitseko," anatero. "Ndi chipinda."

"Basi?"

"Basi."

Achemwali anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anaimirira n'kukonza nsalu ya pa makina awo.

"Mwajambula bwino, mayi," anauza Choko. Kenako anatembenukira kwa mlongo wawo. Sanakweze mawu, ndipo zikanakhala bwino akanakweza. "Koma chinthu chimodzi walakwitsa. Ukuganiza kuti ine ndinkafika nayo yodzaza? Ndinkataya tsiku lililonse. Pamasitepe, pa malaya, tsiku lina ndinapsa dzanja ili. Nthawi zambiri ndinkafika ndi theka. Ukanakhala iwe ukanabwerera pansi kukayambiranso eti? Amayi ankamwa theka lomwelo. Sankayang'ana n'komwe m'kapu. Ankayang'ana amene walowa."

Ananyamula chikwama, anakana kuthandizidwa, n'kutuluka. Phokoso la nsapato zawo linamveka likutsika masitepe a sitolo, lolemera mbali imodzi chifukwa cha makina aja.

"Thamangani," anatero Choko. "Bambo inu, thamangani!"

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma Ndikonza anathamangira kwina. Analumpha tepi n'kukhala pa laputopu. "Mphindi ziwiri zokha," anatero, zala zikuthamanga kale. "Ndichotse lamuloli, ndiwapititsire aone okha." Anatsitsa nambala kufika pa 2. Anafufuta mzere wa YAMBIRANINSO. Gemu inakana kuyamba chifukwa pofufutapo anachotsanso kachizindikiro kena, ndipo anafufuza mpaka anakapeza. Lezala anali akumukoka malaya, akuti aise, siya zimenezo, pakamwa uli napo. Mphindi ziwiri zinakhala zisanu ndi ziwiri. Kenako anazula waya, n'kunyamula laputopu ili chitsegukire, n'kutsika nayo masitepe mosamala, sitepe imodziimodzi, kuopa kuigwetsa.

Panja panali dzuwa lofiira la madzulo ndi fumbi. Anyamata a m'sitolo ankalowetsa matailosi achionetsero. Pokwerera minibasi panali mayi wa mwana kumsana ndi bambo wina wowerenga nyuzi. Achemwali ake panalibe.

Anaika laputopu pa mulu wa matailosi n'kuimba foni. Inaitana nthawi yaitali.

"Ndakwera kale minibasi," anatero achemwali. Kumbuyo kunkamveka injini ndi kondakitala akuitanira. "Nena, ndikumva."

Anatseka maso. Kunalibe batani loti adine.

"Achemwali, ine ndinkabwera. Ndinkafika pageti tsiku lililonse. Kungoti..."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa?"

"Bedi la amayi linali pazenera. Tinkakuona. Unkaima pa mayi wa zipatso paja, malaya ako a kuntchito, chikwama cha zitsulo m'manja." Anapuma pang'ono. "Ine ndinkafuna kutsika ndidzakukoke ndi khutu. Amayi ankandiletsa. Ankati, msiye mzime wanga, lero wafika pageti, mawa akwera. M'mawa uliwonse ankandiuza kuti ndiwakhazike tsonga, ndiwapese, kuti ukalowa usaope."

Ndikonza anagwira khoma. Chaka chonse ankaganiza kuti chinsinsi chake chachikulu n'choti ankabwera, ndipo ankayembekeza kuti akadzaulula chidzamupeputsira mlandu. Sankadziwa kuti m'mawa uliwonse amayi ake ankapesedwa tsitsi chifukwa cha iye, n'kumuonerera akutembenuka.

"Pepani," anatero. Liwulo linatuluka lophwanyika, koma linatuluka. "Achemwali, pepani."



"Ndamva," anatero achemwali, ndipo mawu awo sanali aukali, anali otopa. "Ine ndamva, mlongo wanga. Koma amene ankamudikira pepani ameneyo si ine. Khala bwino. Uzidya."

Foni inaduka.

Anaima pomwepo mpaka mnyamata wa m'sitolo anamupempha kuti achotse laputopu, akufuna kulowetsa matailosi. Pa laputopupo kamunthu kaja kanali kataima pansi pa masitepe, kapu yodzaza m'manja, nthunzi ikukwera bwinobwino. Anadina batani. Kanakwera, kakutaya, madontho akugwa pa sitepe iliyonse, ndipo palibe chinakabweza. Kanafika pamwamba ndi theka la kapu, chitseko chinatseguka pang'onopang'ono monga momwe iye anafunira, ndipo mizere itatu ija inatuluka. Anaiwerenga yekha. Madzi akatayika saoleka, amatero akuluakulu, koma iye anali atangomva kumene kuti otayikawo sanali nkhani. Nkhani inali kufika.

Pamwamba anthu ankawomba m'manja, gemu ya chidebe chobooka inali itapambana. Choko anatsika ndi chikwama cha Ndikonza ndi waya wa laputopu atakulunga bwino, n'kumupatsa. Lezala anabwera pambuyo, anatsegula pakamwa kuti aponye nthabwala, n'kutsekanso. Anaima atatuwo m'mbali mwa msewu. Kenako mlonda anatulukira pazenera n'kufunsa ngati pali wina amene watsala ndi katundu m'mwambamo, chifukwa iye akutseka.